Zimene Eni Ake Akale Amasiya Kuseri kwa Dashibodi

Mlimi akayamba kuona phindu la thukuta lake, chinthu chachikulu chimene mtima wake umayamba kulakalaka ndi galimoto, ndipo sitingamudabwe. Aliyense amene anaimapo m'mbali mwa msewu wa Great East pakati pa usiku, mabokosi a tomato ali mbwee pansi, akudikira Canter ya eni ake imene inalonjeza kufika koma osaoneka, amadziwa kuti phindu la dimba limathera pa mayendedwe. Kuchokera kuno ku Silverest kukafika kumsika wa Soweto mu Lusaka si mtunda woti n'kudandaula nawo, koma wofika dzuwa litakwera amapeza ogula atatenga kale katundu kwa ena, ndipo tomato sadikira mawa. N'chifukwa chake inu amene munamaliza maphunziro anu pano, mukabwera kudzationa patapita zaka zitatu kapena zinayi, nkhani ya galimoto siichedwa kutuluka. Wina wagula Hilux, wina Dyna, wina akusonkhanitsa ndalama za soya kuti apeze kagalimoto konyamulira mazira ndi nkhuku.

Ndi ochepa kwambiri pakati pathu amene angalowe m'sitolo n'kutuluka ndi yatsopano. Galimoto imene mlimi wamng'ono angaifikire ndi ija yadutsa kale m'manja atatu kapena anayi, ndipo dzanja lililonse linasiyamo chizindikiro chake. Ife tikuona kuti choopsa chachikulu pa galimoto yotere ndi ntchito zimene zinagwiridwapo mothamanga, n'kuphimbidwa ndi tepi yakuda, kenaka n'kugulitsidwa pamodzi ndi galimotoyo popanda kutchulidwa. Ukalamba wa injini subisika. Injini yotopa imatulutsa utsi, imamwa oyilo, imalira mosonyeza zaka zake, ndipo wogula amatsitsa mtengo akudziwa chimene akutenga. Koma waya wopotedwa ndi zala kuseri kwa dashibodi amakhala duu kwa miyezi, kenaka n'kudzazimitsa nyali pakona, galimoto itasenza matumba 40 a chimanga.

Magalimoto ambiri amene amayenda m'misewu yathu anachokera ku Japan, dziko limene limayendetsa kumanzere kwa msewu monga ife. Kumeneko galimoto yaing'ono imayezedwa ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, pa muyeso umene eni dziko amautcha shaken, ndipo zonyamula katundu zimayezedwa kawirikawiri kuposa pamenepo. Muyesowo ndi wodula, kotero anthu ambiri amasankha kugulitsa galimoto ikadali ndi mphamvu. Imakwera sitima, n'kudzatsikira ku Dar es Salaam, Durban kapena Walvis Bay, n'kulowa m'dziko muno kudzera pa Nakonde, Chirundu kapena Katima Mulilo. Lipoti la UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, limene linatuluka mu Okutobala 2020, linapeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018 maiko a ku Ulaya, America ndi Japan anatumiza kunja magalimoto ang'onoang'ono ogwiritsidwa kale ntchito okwana 14 miliyoni, ndipo 40 mwa 100 alionse anabwera ku Africa. Lipotilo linadandaula kuti ambiri mwa iwo sakanapambana muyeso wa pamsewu kwawo komwe achokera.

Pakumva zimenezi n'kosavuta kuloza chala kutsidya kwa nyanja. Koma pa nkhani ya mawaya tiyeni tinene chilungamo: galimoto yochokera ku Japan nthawi zambiri imafika mawaya ake ali bwino. Chachilendo chimene chimapezekamo ndi kabokosi kolipirira misewu ya kwawo, kaja kamalankhula Chijapani mukatembenuza kiyi, mwinanso ka TV kosagwira kanthu kuno. Mpeni woyamba umalowa m'mawaya galimoto itawoloka kale malire athu, ndipo chifukwa chake n'chaching'ono moti chimaseketsa. Wayilesi zambiri za m'magalimoto a ku Japan zinapangidwa kuti zizigwira FM kuyambira pa 76 kulekezera pa 90, pamene nyumba zathu zoulutsira mawu zili pakati pa 87.5 ndi 108. Mwini watsopano akapeza kuti wayilesi yake ikungosokosa, amapita kwa mnyamata wa pamsika kuti amuikire kachipangizo kosuntha manambalawo, kapena wayilesi ina. Mnyamatayo akakhala wopanda pulagi yoyenera amadula ya fakitale, n'kusenda mawaya, n'kuwapota, n'kukulungapo tepi. Pakutha pa mphindi 20 nyimbo zikumveka, aliyense wakondwa.

Kuchokera pamenepo zowonjezera zimangotsatana. Mwini woyamba amaopa akuba, choncho amaikitsa alamu. Wachiwiri amagula pa ngongole, ndipo wobwereketsa ndalama amaikamo kachipangizo kolondolera kumene galimoto ili, kamene kangathenso kuizimitsa iye ali kutali. Wachitatu ndi woyenda usiku ku Petauke ndi Katete kukagula mtedza, ndiye amawonjezera nyali zazikulu pabampa ndi masipika kuseri kwa mpando. Aliyense ali ndi mmisiri wake, ndipo palibe mmisiri amene amachotsa ntchito ya mnzake. Amangofufuza waya wokhala ndi moto n'kulumapo. Alamu ndi zolondolera zija n'zimene zimasautsa kwambiri, pakuti kuti zigwire ntchito mmisiri amadula waya wopita ku sitata kapena ku pampu ya mafuta, n'kudutsitsa mbali ziwirizo m'kabokosi kake. Alamu ikadzayamba kulira yokha usiku n'kusowetsa tulo mudzi wonse, mwini wina amangoizula n'kulumikizanso mawaya aja powapota. Kuyambira tsiku limenelo moyo wa injini uli pa mfundo imodzi yomangidwa ndi zala. Kutentha kwa mu Okutobala kumasungunula zomatira za tepi, misewu yathu ya fumbi imagwedeza mfundoyo tsiku ndi tsiku, chinyezi cha mu Januwale chimaudya mkuwawo mpaka kubiriwira, ndipo tsiku lina injini imazima pa zitunda za pakati pa Rufunsa ndi mlatho wa Luangwa. Injini ikazima galimoto ikuyenda, chiwongolero chimalemera, ndipo mabuleki amauma mutawaponda kawiri kapena katatu. Woyendetsa amene sanakumanepo nazo amaziphunzira ali kale pamtsetse.

Tiime pang'ono pa kachinthu kotchipa kuposa zonse m'galimoto, fyuzi, chifukwa moto wambiri wa m'magalimoto akale umayambira pa kusakamvetsa. Anthu ambiri amayesa kuti fyuzi inaikidwa kuti iteteze wayilesi kapena babu. Ntchito yake yeniyeni ndi kuteteza waya. Waya aliyense ali ndi malire a magetsi amene angadutsemo asanatenthe. Paipi yothirira ikakhala yaing'ono imangokupatsani madzi ochepa, koma waya wamng'ono amalola magetsi onse amene afunidwa kuti adutse, iye n'kumapsa. Ndiponso kutenthako sikukwera mofanana ndi magetsiwo: odutsa akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Fyuzi ndi kachitsulo kopangidwa dala kofooka kuti kaduke waya asanafike pamenepo. Mitundu yake ili ndi tanthauzo limodzi m'magalimoto ambiri a masiku ano: yofiira ndi ya ma amp 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30. Ndipo pachivundikiro cha bokosi la mafyuzi opanga galimoto analembapo nambala yoyenera malo alionse.

Tsono tiwerengere limodzi, monga timachitira ndi feteleza pa hekitala. Nyali ziwiri zowonjezera za ma watt 100 iliyonse ndi ma watt 200. Tikagawa ndi ma volt 12 tipeza pafupifupi ma amp 17. Mmisiri wothamanga amazilumikiza ku waya wa tinyali tam'mbali, amene opanga anamutchinjiriza ndi fyuzi yofiira ya 10. Fyuziyo imaduka, monga iyenera kutero. Aikamo ina, iduka. Kachitatu aikamo yobiriwira ya 30, ndipo ikasowa, kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, kawaya, ngakhale msomali. Nyali zayaka, ndalama zaperekedwa. Koma waya wopyapyala uja tsopano akusenza katundu woposa msinkhu wake, ali pakati pa mtolo wa mawaya anzake okulungidwa pamodzi. Pulasitiki yake ikasungunuka mkuwa umakhudza chitsulo cha galimoto, ndipo batire, imene imatha kupereka ma amp mazana angapo m'kamphindi, imakhuthulira mphamvu yonseyo pamalo amodzi popanda choiletsa. Ntchito yoyenera inkafuna relay, waya wonenepa wochokera ku batire, ndi fyuzi yakeyake yoikidwa pafupi ndi batireyo. Zitatuzi pamodzi sizifika pa mtengo wa tayala limodzi.

Si zachilendonso kupeza pansi pa boneti waya wa m'nyumba, uja wa mkuwa umodzi wolimba. M'khoma la nyumba amakhala zaka zambiri chifukwa khoma siligwedezeka. M'galimoto amapindika uku ndi uku mpaka kuthyokera mkati mwa pulasitiki yake, kunja akuoneka wabwinobwino, n'kusiya vuto loyaka lero, lozima mawa, limene limazunguza mutu amisiri. Waya wa galimoto amapangidwa ndi timikuwa tambiri topyapyala kuti apirire kugwedezeka. Ndipo m'dziko lokumba mkuwa ngati lathu lino n'zomvetsa chisoni kuti m'misika mumapezeka waya wotchipa wa aluminiyamu wongopakidwa mkuwa kunja. Mukamupala ndi mpeni amayera mkati, ndipo sasenza magetsi ofanana ndi a mkuwa weniweni wa kukula komweko.

Amene mukulota Canter kapena lole ina ya dizilo, ili ndi lanu. Malole ambiri otere amayendera ma volt 24, ochokera ku mabatire awiri a 12 olumikizidwa motsatana, pamene wayilesi ndi zinthu zambiri zogulidwa pamsika n'za 12. Njira yoyenera ndi kuika kabokosi kotsitsa mphamvu kuchoka pa 24 kufika pa 12. Njira yachidule ndi kuba moto pa batire imodzi yokha. Batire imeneyo imatha msanga kuposa inzake, ndipo popeza alternator imatchaja mabatire onse awiri ngati chinthu chimodzi, ina imakhala yanjala nthawi zonse pamene inzake ikupsa ndi kukhuta. Mwini watsopano amagula mabatire chaka ndi chaka akuimba mlandu sitolo, osadziwa kuti wakuba wake ndi kawaya kamene munthu wina anamangirira pakati pa mabatirewo kalekale.

Zonse tanenazi tingazitche umbuli kapena liwiro. Pali gulu lina la ntchito limene dzina lake ndi chinyengo, ndipo sitiona chifukwa cholitchulira mofatsa. Mukatembenuza kiyi injini isanalire, tinyali ta padashibodi timayenera kuyaka tonse: ka oyilo, ka batire, ka injini, ka ABS, ka airbag. Injini ikalira timazima. Opanga anachita zimenezi dala kuti woyendetsa adziwe kuti tinyalito tili moyo. Wogulitsa amene kanyali ka injini kakukana kuzima ali ndi njira ziwiri, kukonza chimene kakunena kapena kuchotsa babu wake, ndipo yachiwiriyi siifuna ndalama. Kanyali ka oyilo kakachotsedwa chotero, injini idzauma popanda chenjezo lililonse. Wochita zimenezi analidziwa vutolo, n'kutseka pakamwa mboni yokhayo imene ikanauza wogula. M'gulu lomweli muli wopinda paipi ya buleki ya gudumu lodontha kuti galimoto iziima ndi magudumu atatu, wodzaza phala pa chitsulo chodyeka ndi dzimbiri n'kupentapo, ndi wobweza m'mbuyo nambala ya makilomita. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Penti yonyezimira pa galimoto ya zaka 20 iyenera kukugwaditsani kuti muyang'ane kunsi.

Pakati pa umbuli ndi chinyengo pali nkhani ya thermostat. Mudzamva anthu akunena motsimikiza kuti kachipangizoka n'ka maiko ozizira, ndipo kuno kotentha n'kofunika kukachotsa. Ntchito yake ndi kutseka madzi kuti asapite ku rediyeta mpaka injini itafika pa kutentha kumene imagwirira bwino ntchito, pakati pa madigiri 80 ndi 90. Kakachotsedwa, injini imayenda yozizira m'mawa wa mu Juni, imamwa mafuta ambiri ndi kutha msanga. Kawirikawiri amene anakachotsa ankathawa injini yowira, ndipo chimene chinkaiwiritsa chikadali momwemo: rediyeta yotsekeka ndi laimu wa madzi a m'zitsime zathu za kuno ku Lusaka, kapena gasiketi ya pamutu pa injini imene yayamba kupsa. Mukapeza fani ikuzungulira nthawi zonse kiyi akangotembenuzidwa, pa galimoto imene fani yake ndi ya magetsi, funsani chifukwa.

Tikudziwa chimene ena mwa inu mukuyankha chamumtima: akulankhula ngati masipeya amathyoledwa m'tchire. Mukunena zoona kuti masipeya amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha ikafooka mtengo wake umakwera tsiku lomwelo. Chilala cha 2024, chimene boma linachilengeza pa 29 Febuluwale chaka chimenecho kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinasiya mabanja ambiri opanda ngakhale ya mbewu, ndipo munthu wotere sitingamuuze kuti akagule mtolo watsopano wa mawaya. Sitikunyozanso mmisiri wa pansi pa mtengo. Munthu amene angadzutse lole yofera ku Nyimba usiku ali ndi pulayala ndi kachingwe ka mphira basi ali ndi luso limene ambiri okhala ndi masatifiketi alibe, ndipo popanda iye zokolola zambiri zikanaolera m'njira. Kumanga kwa pamsewu kuli ndi malo ake, kufikitsa galimoto kunyumba. Mlandu umayamba m'mawa mwake, pamene mwini waona kuti yafika ndiye akuti zatha. Amisiri oona mtima amanena poyera kuti, "Bwana, izi n'zongofikira, mawa mukagule chenicheni." Amene sabwerera ndi bwanayo, ndipo nthawi zambiri ndi iye yemwe analamula kuti ingogwirani ilire, zina tidzaona. Tikati tigawe mlandu, gawo lalikulu likugwera mwini galimoto. Kusowa ndalama kungakakamize munthu kuyenda ndi waya wopota kwa mwezi, mwina chaka. Koma kuuza wogula kuti pansi pa chiwongolero pali mfundo imene ikufunika mmisiri sikulipiritsidwa ngwee.

Musaikenso mtima wonse pa mapepala. White book imakuuzani mwini wa galimoto ndi manambala a injini ndi chasisi, ndipo n'kofunika kufananitsa manambalawo ndi amene adindidwa pachitsulo, n'kukasintha umwini ku RTSA mosazengereza. Bungwe limeneli, lokhazikitsidwa ndi lamulo la pamsewu la 2002, limayeza ngati galimoto ndi yoyenera kuyenda, kuyang'ana zinthu monga nyali, mabuleki, matayala ndi chiwongolero. Koma muyeso uliwonse umaona galimoto mmene ilili tsiku limenelo. Nyali yokhala ndi msomali m'malo mwa fyuzi imawala bwino lomwe pamaso pa woyeza, ndipo palibe woyeza padziko lapansi amene angamasule dashibodi ya galimoto iliyonse ya pamzere. Lamulo loteteza ogula la 2010 lilipo, pamodzi ndi bungwe la CCPC lolandira madandaulo. Komabe mukagula kwa munthu wamba amene munamupeza pa Facebook, n'kugwirana chanza pamalo omwetsera mafuta, kenaka foni yake n'kuzima, kulondola chilungamo kumadya nthawi ndi ndalama zimene mlimi alibe m'nyengo ya ntchito.

Chitetezo chenicheni chili pa tsiku logula, ndalama zikadali m'thumba. Timadabwa kuona mlimi amene sangagule ng'ombe osaiona mano, osaiyendetsa, osafunsa za dibi ndi katemera, akupereka zokolola za zaka ziwiri atangozungulira galimoto kamodzi n'kumenya tayala ndi phazi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pitani masana, ndipo pemphani kuti mukapeze injini ili yozizira, pakuti yotenthetsedwa kale imabisa zambiri. Tengani mmisiri wa magetsi a galimoto amene si bwenzi la wogulitsa, mumulipire tsiku lake mosanyinyirika. Wokhala ndi pepala la TEVETA ngwabwino, koma chachikulu abwere ndi mita yoyezera magetsi. Batire yodzaza imaonetsa ma volt pafupifupi 12.6 injini itazima, ndi pakati pa 13.8 ndi 14.5 ikamalira, pa lole ya 24 muwirikize manambalawo kawiri. Zonse zitazimitsidwa, zitseko zitatsekedwa, galimoto siyenera kukoka magetsi opitirira kwambiri ma milliamp 50, ndipo ikapitirira ndiye kuti muli chobisika chimene chimadya batire usiku.

Mmisiri ali pa mita yake, inuyo gonani chagada pansi pa chiwongolero ndi tochi, musaope kudetsa malaya. Mawaya a fakitale amakhala omangidwa bwino m'mitolo, othera m'mapulagi. Tepi yonata m'manja, mawaya olendewera a mtundu umodzi, ndi fungo la pulasitiki yopsa, zonsezo ndi ntchito ya munthu. Tsegulani bokosi la mafyuzi n'kufananitsa ndi zolembedwa pachivundikiro, umodzi ndi umodzi malo onse. Yendetsani kamaginito pa zitseko ndi m'mbali. Pamene pali phala lochindikala sikagwira. Patayala lililonse pali manambala anayi a nthawi imene linapangidwa, moti 2319 ndi sabata la 23 la 2019, ndipo samalani ndi matayala a chisanu amene amabwera ndi magalimoto ena a ku Japan, chifukwa mphira wake wofewa sukhalitsa pa phula lotentha la kuno. Ngati wogulitsa akadali ndi mapepala a ku Japan, apempheni: chikalata chotulutsira galimoto kunja chimaonetsa makilomita amene inali itayenda pa miyeso yake yomaliza, ndipo pa pepala la kumsika wa kumeneko chilembo R chimasonyeza galimoto imene inachitapo ngozi n'kukonzedwa.

Zimene mungapeze sizitanthauza kuti nthawi zonse muthawe. Chasisi yowotchereredwa ndi mabuleki otsekedwa n'zoti muzisiye pomwepo n'kubwerera kwanu. Mawaya a alamu yakufa ndi a masipika ndi chifukwa chotsitsira mtengo, ndipo ndalama yotsitsidwayo isapite ku mipando yatsopano kapena ku dzina lanu lolembedwa pachitseko. Ntchito yoyamba pa galimoto yakale ikhale yochotsa. Mmisiri alondole waya aliyense wachilendo kuchokera kumene ayambira mpaka kumene athera, azule amene alibe ntchito, ndipo mfundo zotsala azilumikize ndi mtovu kapena ndi zopanira zake zoyenera, n'kuvekapo kachubu kaja kamene kamagwira kakatenthedwa.

Pafamu pali adani ena amene mwini wa m'tauni sanawaganizire. Galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe imasanduka nyumba ya makoswe, ndipo khoswe amayambira pa waya amene tepi yake yayamba kale kumasuka. Udzu wouma wa mu Ogasiti ndi Seputembala umakodwa kunsi pafupi ndi paipi ya utsi, moti kanthethe kamodzi ka waya wosenda n'kokwanira. Feteleza wotayikira kumbuyo amasungunuka ndi mvula n'kutsikira pa mawaya a nyali zakumbuyo ndi pa mapaipi a mabuleki, choncho tsukani mukatsitsa matumba. Mukafuna kuwotcherera zitsulo zotchingira katundu, chotsani kaye batire, kuyambira mbali ya negative. Ndipo siwichi yaikulu yodula batire yonse, yoikidwa pamalo pofikika msanga, pamodzi ndi chozimira moto cha kuseri kwa mpando, n'zofunika kwambiri kwa ife amene timakhala kutali ndi ozimitsa moto.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene imakukhudzani mwanjira ina. Aliyense wa inu amene ali ndi galimoto lero adzakhala mwini wakale wa munthu wina. Mlimi sagulitsa Dyna yake kwa mlendo wa ku Kitwe; kawirikawiri amaigulitsa kwa mnansi wa ku Chongwe konkuno, kwa mlamu wake, kapena kwa mnyamata amene anagona naye chipinda chimodzi pa maphunziro. Ndiye amene adzakwereko ana ake pa ulendo wa kumsika. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Waya wobisika nayenso amamupeza mwini wake, ndipo mudzi sutaya mbiri ya munthu amene anagulitsa mnzake galimoto yopanda kanyali ka oyilo. Vutoli limakula kwambiri pa magalimoto a makopaletivu, amene amayendetsedwa ndi anthu asanu, aliyense n'kumangapo kanthu kake panjira osauza komiti, mpaka palibe amene akudziwa chimene chili pansi pa boneti.

Chimene tikupempha n'chinthu chimene mukuchidziwa kale. Pano mumaphunzira kulemba tsiku lobzala, mtundu wa mbewu, manyowa amene mwathira, katemera wa nkhuku ndi ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka. Galimoto nayonso ikhale ndi kope lake, logona m'kabokosi ka kutsogolo. Mulembemo tsiku, makilomita, chimene chinavuta, chimene chinachitidwa, ndi amene anachichita. Pa ntchito iliyonse ya pamsewu mulembe mawu akuti "n'zongofikira" ndi inki yofiira, ndipo musawafute mpaka chenicheni chitaikidwa. Pogulitsa, kopelo liperekedwe limodzi ndi white book, mizere yofiira yotsala ili poyera. Ena adzati zimenezi n'kudzitsitsira mtengo wekha. Mwina pa wogula wothamanga zingatero. Koma wogula amene anapsapo kale, ndipo otere akuchuluka, amalipira bwino galimoto imene angathe kuwerenga mbiri yake kusiyana ndi yopentedwa dzulo. Makomiti a makopaletivu angathe kuika lamulo lero lomwe, popanda kudikira boma, loti woyendetsa asabweze makiyi asanalembe m'kope.

Tsamba loyamba la kopelo likhale chithunzi cha bokosi la mafyuzi chojambulidwa ndi pensulo, nambala iliyonse ili pamalo pake, ndi tsiku limene munaliyang'ana. Tsamba lachiwiri likhale la mawaya onse amene si a fakitale: achokera pati, apita kuti, ndipo fyuzi yawo ili pati. Amene muli ndi thirakitala yakale kapena pampu ya dizilo yogula kwa munthu, tsegulani kope lina la chilichonse, ndipo muyambire pa waya wochokera ku batire kupita ku sitata.